Kuphunzira kuulutsa ndege muli ndi zaka 40, thumba lili loperewera

Amene amasiya ntchito atakula kale kuti akaphunzire kuulutsa ndege, kawirikawiri sagonja chifukwa cha ndegeyo. Ndege imaphunzirika ngakhale imvi zitayamba kumera. Chimene chimawagwetsa ndi kasanjidwe ka ndalama: amayamba kulipira chinthu choyenera kubwera kumapeto. Wina wagulitsa galimoto ndi puloti, watumiza ndalama zonse kusukulu ya kunja, kenako dokotala akumuuza kuti maso ake sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Wina wafika maola 120, ndalama zathera pomwepo, wabwerera kunyumba ndi laisensi imene singamulembetse ntchito kulikonse.

Malangizo awa ndi a munthu wa zaka 35 mpaka 45, wapabanja, amene ali pa ntchito ndipo alibe malume olemera. Ndatsamira pa South Africa chifukwa n'kumene ambiri a kuno kwathu amakaphunzira, koma ndondomeko yake ndi yomweyi ngakhale kwa inu amene muli ku Britain.

Zoyenera kukhala nazo musanayambe

- Pasipoti imene yatsala ndi zaka zingapo kuti ithe.
- Mbiri yanu ya kuchipatala: mankhwala amene mumamwa, opaleshoni iliyonse, pepala la magalasi ngati mumavala.
- Chingerezi chomveka pa wailesi. Malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse, amafuna Level 4 kapena kuposa, ndipo pali mayeso ake.
- Masamu a ku sekondale, makamaka liwiro, mtunda, nthawi ndi ma angle.
- Akaunti ya kubanki yapadera, yosakhudzana ndi ya fizi ya ana kapena lendi.
- Chivomerezo cha akunyumba kwanu, chochokera pansi pa mtima atawona manambala enieni.
- Zida zochepa: headset, logbook (buku lolembamo maola ouluka), kachipangizo kowerengera ulendo ka E6B kapena kofanana nako, mapu a ndege ndi mabuku a mayeso. Headset yogwiritsidwapo kale ntchito imakwanira. Yunifolomu ya mipiringidzo paphewa idikire.

1. Werengani zaka zimene zatsala

Tengani pepala. Malamulo a ICAO amalola munthu kuulutsa ndege zamalonda zodutsa malire mpaka zaka 65 ngati oyendetsa ali awiri, ndipo mpaka 60 ngati ali yekha. Tiyerekeze kuti muli ndi zaka 40 ndipo mukuphunzira m'zidutswa: laisensi yogwirira ntchito mwina muipeza muli ndi 43. Laisensi yaikulu ya ATPL, imene kapitawo wa ndege zikuluzikulu amafunika kukhala nayo, imafuna maola 1,500, ndipo maola amenewo amatenga zaka zina zingapo za malipiro ochepa. Ndiye kuti zaka zolandira bwino zatsala zosakwana 20. M'zaka zimenezo muyenera kubweza zonse mwawononga, kuphunzitsa ana, ndi kusunga za ukalamba.

Masamu amenewa akhoza kutheka, koma awerengeni inuyo, osati wotsatsa malonda wa sukulu.

2. Pitani kwa dokotala wa za ndege, musanalipire sukulu ngakhale tambala

Apa m'pamene anthu ambiri amadumpha, ndipo m'pamene ndalama zambiri zimapsera. Pali ziphaso ziwiri za umoyo zimene mudzamve: Class 2, yokwanira woulutsa ndege mongosangalala, ndi Class 1, imene wogwira ntchito ayenera kukhala nayo. Sukulu ikhoza kukulandirani ndi Class 2 yokha, chifukwa poyambira n'zokwanira. Inu funani Class 1 tsiku loyamba lomwelo.

Dokotala wake si aliyense. Ayenera kukhala wovomerezedwa ndi bungwe loona za ndege la dziko limene mukufuna laisensi yake. Ku South Africa madokotala otere amatchedwa DAME ndipo amavomerezedwa ndi SACAA, bungwe loona za ndege la dzikolo. Adzakuyezani maso, makutu, mtima ndi makina a ECG, kuthamanga kwa magazi, shuga, ndipo adzakutsegulirani kabuku ka Ishihara: masamba a madontho amitundumitundu amene mkati mwake mwabisala nambala. Munthu akhoza kuyendetsa galimoto zaka 20 osadziwa kuti nambala zina za m'kabukumo saziona.

Magalasi paokha saletsa. BP yosamalidwa bwino ndi mankhwala ovomerezeka nayonso kawirikawiri siletsa. Koma pa msinkhu wathuwu thupi limakhala litayamba kuyankhula, ndipo ndi bwino kulimva lisanakudyereni ndalama.

*Chenjezo:* musabise matenda kapena mankhwala pa fomu. Chiphasochi chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo mukapitirira zaka 40 n'kumanyamula anthu muli nokha kutsogolo, ndi miyezi 6 iliyonse. Chimene mwabisa lero chidzatulukira mutawononga kale zonse.

3. Kwerani kandege kakang'ono kamodzi

Pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi ulendo woyeserera wa theka la ola kapena ola limodzi. Lipirani, khalani kumanzere, gwirani chiwongolero. Cessna 152 si Boeing imene munakwera pa Chileka. Mkati ndi mopanikiza, phewa limagundana ndi la mphunzitsi, muli fungo la mafuta, ndipo masana dzuwa likatentha kandegeko kamadumphadumpha ngati minibasi pa msewu wa fumbi. Mseru wa tsiku loyamba umatha kwa anthu ambiri. Chimene mukufuna kudziwa n'chakuti mukutsika mukulakalaka kukweranso, kapena mukuthokoza Mulungu kuti mwaponda pansi.

4. Sankhani dziko la laisensi poyang'ana komwe mudzagwire ntchito

Laisensi ndi ya dziko limene laipereka. Ya SACAA siikupatsani ufulu woulutsa ndege yolembetsedwa ku Malawi, imene nambala yake imayamba ndi 7Q, kapena ya ku Zambia ya 9J, mpaka bungwe la dzikolo litaivomereza kapena kuisintha. Lemberani bungwe loona za ndege la komwe mukufuna kudzagwira ntchito, funsani zimene amafuna kwa munthu wobwera ndi laisensi yakunja, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Amene muli ku Britain samalani kawiri. Chichokereni dzikolo mu mgwirizano wa European Union, laisensi ya UK CAA, bungwe la ku Britain, ndi ya EASA, bungwe la European Union, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndipo laisensi si chilolezo chogwirira ntchito: ufulu wokhala ndi kugwira ntchito m'dziko ndi nkhani ina, ya ku Immigration.

Ngati mukupita ku South Africa kwa miyezi yambiri mufunika study visa, imene imafuna kalata ya sukulu komanso umboni wa medical aid yolembetsedwa konko. Ikani zimenezi mu bajeti.

5. Phunzirani m'zidutswa, ntchito musaisiye

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba imatchedwa integrated: mumalowa osadziwa kanthu, mumakhala pasukulu chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, mumatuluka mutamaliza. Ku Britain njira imeneyi imafika pa £100,000 kapena kuposa. Yachiwiri ndi modular: mumatenga gawo limodzi, mumabwerera kukagwira ntchito ndi kusonkhanitsa ndalama, mumatenga lina.

Kwa munthu wa thumba loperewera ndi ana pasukulu, ine ndimati modular, popanda kuzengereza. Imachedwa inde, ndipo pa msinkhu uno kuchedwa kumawawa. Koma malipiro a pamwezi amapitirira kubwera, ndipo pa gawo lililonse muli ndi khomo lotulukira osasauka. Magawo ake ndi awa:

PPL, laisensi yoyamba, imene ku South Africa imafuna maola osachepera 45. Kenako chilolezo choulutsa usiku. Kenako kusonkhanitsa maola mpaka 200, mwa iwo 100 muli inuyo wolamulira ndege. Kenako CPL, laisensi yolandirira malipiro. Pamwamba pake pamabwera instrument rating, youlukira m'mitambo podalira zipangizo zokha, ndi chilolezo cha ndege ya mainjini awiri.

6. Pangani bajeti ya zenizeni, osati ya pa kapepala ka sukulu

Mtengo umene sukulu imalemba pa intaneti umawerengera maola ochepetsetsa a lamulo. Ndi ochepa amene amamaliza PPL pa maola 45 enieni. Ambiri amapitirira, makamaka amene amauluka mwa apo ndi apo. Pa mtengo uliwonse umene mwapatsidwa, onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi.

Pemphani kuti akulembereni chilichonse pachokha, ndipo funsani mafunso awa mmodzimmodzi. Kodi mtengo wa ola ukuphatikiza mafuta? Kodi mafuta akakwera mtengo amawonjezera? Ola amaliwerenga bwanji, kuyambira injini italira kapena ndege itanyamuka? Funso limeneli likuoneka laling'ono, koma pa bwalo lotanganidwa ngati Lanseria mukhoza kukhala mphindi zambiri pa mzere injini ikulira, kawotchi ka Hobbs kakuwerenga, inu mukulipira muli pansi. Nanga nthawi ya mphunzitsi pofotokoza musanakwere, ndalama yoterera pa bwalo, mayeso olemba, woyesa pa tsiku lomaliza, ndi msonkho wa VAT, zili mkati kapena kunja? Kenako onjezerani zogona, chakudya, thiransipoti yopita kubwalo ndi tikiti yobwerera kunyumba pakagwa maliro.

Ngati mumalandira makwacha, pali mdani wina. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, itagwanso kale ndi 25 peresenti mu May 2022. Amene anali atasunga makwacha okwanira PPL anadzuka ndalama yawo isakukwananso. Werengani bajeti yanu mu ma rand, yambani msanga kukambirana ndi banki yanu za kutumiza fizi kunja chifukwa forex imavuta kupezeka, ndipo musakwere basi kapena ndege ndalama ya gawo lonselo isanakhale m'manja.

*Chenjezo lalikulu:* musalipire sukulu ndalama zambiri pasadakhale, ngakhale atakulonjezani kuchotsera. Mu 2023 sukulu ziwiri zodziwika ku Britain, Tayside Aviation ya ku Dundee ndi FTA Global ya ku Shoreham, zinagwa, ophunzira amene anali atalipiriratu n'kutsala manja ali m'khosi. Ikani mu akaunti ya sukulu ndalama ya maola 5 kapena 10 okha, ikatha muikenso. Sukulu yokana zimenezi yakuuzani kale kanthu za momwe ilili.

Za ngongole ndinene mwachidule. Katapila ayi. Chikole cha nyumba imene ana akugonamo ayi. Chipereganyu ndi anzanu a kuntchito chikhoza kukuthandizani kupeza ndalama ya gawo limodzi nthawi imodzi, ndipo ngongole ya kubanki, ngati n'kofunika, isungireni gawo lomaliza pamene CPL yayandikira.

7. Yenderani sukulu ndi mapazi anu

Mabwalo a Wonderboom ku Pretoria, Grand Central ku Midrand, Rand ku Germiston ndi Lanseria onse ali ndi sukulu zingapo, ndiye pa masiku awiri mukhoza kuona zambiri. Tsimikizani kuti sukuluyo ndi yovomerezeka ndi SACAA. Werengani ndege zimene zikuulukadi, osati zimene zili mu hangar zitavundukulidwa injini. Kenako pezani wophunzira ali yekha panja, kutali ndi ofesi, mumufunse kuti sabata yatha anauluka kangati ndipo kangati anamubweza chifukwa ndege kapena mphunzitsi panalibe. Yankho lake ndi lofunika kuposa kabuku konyezimira kalikonse.

Musachite manyazi kuti mphunzitsi wanu ndi mnyamata wa zaka 23, msinkhu wa mphwanu wotsiriza. M'ndege iye ndiye wamkulu. Koma funsani ngati akhalapo mpaka mumalize, chifukwa aphunzitsi ambiri akungodikira maola awo akwane kuti apite, ndipo wina watsopano amayamba wakubwerezetsani kuti aone pamene muli.

8. Mabuku muwerengere kunyumba, kumene kuwerenga n'kwaulere

Malamulo a ndege, zanyengo, kapezedwe ka njira, kagwiridwe ntchito ka injini, thupi la munthu m'mwamba: zonsezi mukhoza kuziphunzira patebulo la kunyumba ana atagona, miyezi ingapo musananyamuke. Kukhoza mayeso a SACAA ndi 75 peresenti, choncho za kuloweza usiku womaliza siziphula kanthu. Mayeso a CPL ali ndi malire a nthawi yowamalizira onse ndiponso nthawi imene amakhala amoyo mukakhoza. Ku Britain ndi ku Ulaya mapepala 13 a ATPL ayenera kutha m'miyezi 18, ndipo mukamaliza muli ndi miyezi 36 yopezera CPL ndi instrument rating. Musawayambe ndalama ya maola isanaoneke, angakuthereni m'manja.

Wailesi imasokoneza akuluakulu ambiri kuposa chiwongolero. Lowezani Alfa, Bravo, Charlie mpaka Zulu, muziwerenga nambala za galimoto pa msewu mwa njira imeneyi, ndipo muzimvetsera oyendetsa ndege enieni pa webusaiti ya LiveATC mpaka khutu lizolowere liwiro lawo.

9. PPL muitenge nthawi imodzi, mosadukiza

Apa ndi pamene modular imafuna nzeru. Kuphunzira m'zidutswa sikutanthauza kuuluka kamodzi pa mwezi malipiro akalowa. Wouluka kamodzi pa mwezi amathera theka la phunziro kukumbukira za mwezi watha, ndipo amalipira kawiri chinthu chimodzi. Sonkhanitsani ndalama yonse ya PPL, sonkhanitsani masiku a tchuthi, pemphaninso tchuthi chosalipidwa ngati abwana angalole, ndipo muuluke kanayi kapena kasanu pa sabata.

Sankhani nyengo. Dera la Johannesburg lili pamwamba, mamita oposa 1,500, ndipo m'chilimwe chawo masana kumachita mabingu ndi ziphaliwali, ndege yaing'ono n'kumakwera mwaulesi chifukwa mpweya ndi wopepuka. Kuyambira May mpaka July kumwamba kumakhala koyera, m'mawa kuli zii, kozizira koma kwabata. Ku Cape ndi zosiyana, mvula yawo imagwa nthawi yozizira.

Pali chida china chaulere chimene achinyamata amachinyoza. Matani chithunzi cha zipangizo za kutsogolo kwa ndege pakhoma, khalani pa mpando wa kukhitchini, ndipo ulukani ulendo wonse ndi manja ndi pakamwa: kuyatsa injini, kuyankhula pa wailesi, kutsitsa ma flap, kutera. Akunyumba adzakusekani. Mphindi 20 za pa mpando umenewo zimapulumutsa ndalama zenizeni mawa lake.

Tsiku lina mutatera kangapo, mphunzitsi adzamasula lamba, n'kutsika, n'kukuuzani kuti muzungulire kamodzi nokha. Ndege idzanyamuka msanga kuposa kale chifukwa yapepuka, ndipo mudzayang'ana kumanja n'kupeza mpando uli wokha. Musakakamize tsiku limeneli pofuna kusunga ndalama. Wa zaka 19 akapita yekha pa maola ochepa kuposa inu, zisakudyeni mtima.

10. Maola 200: ola lililonse ligwire ntchito ziwiri

Gawo ili ndi lalitali ndipo limadya ndalama zambiri. Bwerekani ndege yotchipitsitsa imene maola ake amawerengedwa, monga Cessna 152 kapena Sling 2 yopangidwa konko ku South Africa, koma tsimikizani kaye kuti bungwe limene lidzakupatseni laisensi likuwavomereza. Musazungulirezungulire pa bwalo limodzi. Ulendo uliwonse ukhale wopita kutali, inu muli wolamulira, kuti ola limodzi lidzaze mizere iwiri ya mu logbook. CPL imafunanso ulendo umodzi wa ma nautical mile 300, pafupifupi makilomita 550, wotera pa mabwalo awiri osiyana ndi lochokera. Ukonzeni bwino kuti musadzaubwereze.

*Chenjezo:* ndi PPL simuloledwa kulandira malipiro ponyamula munthu kapena katundu. Wina akakuuzani kuti "ingondiperekezerani kabokosi aka, mafuta ndilipira ndi kenakake pamwamba," kanani.

11. CPL, kenako zowonjezera malinga ndi ntchito imene ilipo

Instrument rating imafuna kuyesedwanso chaka chilichonse, ndipo ndege ya mainjini awiri ndi yodula pa ola. Ngati ntchito yanu yoyamba ikhala ya uphunzitsi kapena yonyamula alendo pa ndege ya injini imodzi, kugula zonse nthawi imodzi n'kumalipira kuzisunga zamoyo musakuzigwiritsa ntchito si nzeru. Funsani makampani amene mukuwafuna zimene amayembekezera, ndipo mugule zimenezo.

Ntchito yoyamba siikhala ya Boeing 737 kapena Dash 8 Q400 ya Malawi Airlines. Kawirikawiri imakhala ya uphunzitsi, umene ku South Africa umayambira pa Grade III, kapena youlutsa alendo okaona nyama pa Cessna 206 ndi Caravan, monga zimachitikira ku Maun ku Botswana, ku Mfuwe ku Zambia, kapena maulendo a ku Likoma. Malipiro ake akhoza kuchepa kuposa amene mukulandira panopa, ndipo mayiko amayamba aganizira nzika zawo popereka chilolezo cha ntchito. Sungani ndalama yodyetsa banja miyezi ingapo ya kudikira. Luso lanu lakale musalitaye: kampani yaing'ono imakondwera ndi woyendetsa ndege amene amathanso kusunga mabuku a ndalama kapena kuyankhula bwino ndi alendo.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kusiya ntchito tsiku limene mwapeza PPL. Chimwemwe cha tsikulo chimanamiza; mwayenda gawo limodzi mwa magawo anayi okha a maola.

Kugula type rating, chilolezo choulutsa mtundu umodzi wa ndege yaikulu, ndi ndalama zanu popanda kalata ya ntchito. Imatha mphamvu musanaigwiritse ntchito, ndipo amene amalonjeza kuti "mukalipira ntchito ilipo" muwapemphe alembe.

Kusaina mgwirizano wa bond osauwerenga. Kampani ikakulipirirani maphunziro imakumangani zaka zingapo. Dziwani ndalama imene mudzabweze mukachoka msanga kapena mukadwala.

Kulekerera thupi. Chiphaso cha Class 1 chikagwa, zonse zaima. Mimba, mchere, mowa ndi BP ndi nkhani za ntchito tsopano, ndipo funsani za inshuwalansi ya kutaya laisensi mukangoyamba kulandira malipiro.

Kubisira akunyumba mtengo weniweni. Ndalama ya fizi ikasowa mu January chifukwa inapita ku maola a usiku, nkhani imafika kwa ankhoswe.

Kunyalanyaza logbook. Lembani ulendo uliwonse tsiku lomwelo, mphunzitsi asaine pamene payenera, ndipo tsamba likadzaza lijambuleni pa foni n'kudzitumizira pa imelo. Sukulu ikatsekedwa kapena chikwama chikabedwa pa depoti ya basi, zithunzi zimenezo ndi mafayilo a maphunziro anu ndizo zidzakuthandizeni kutsimikizira maola amene munalipira, choncho pemphani kope la fayilo yanu kusukulu pakutha pa gawo lililonse.